Nkhope ya pa Nambala 9

Envulopu inabwerera Lachiwiri. Kachitatu kameneka.

Darlene Pacek anaizindikira isanatuluke n'komwe m'bokosi la makalata. Adiresi analemba yekha. Sitampa anamata yekha. Anthu a makadi amatero: umatumiza khadi kwa wosewera, mkatimo n'kuikamo envulopu ina ya adiresi yako, kuti mwini wake angosaina n'kuponya ku positi. Ena amabweza sabata yomweyo. Ena patapita zaka zitatu. Ena amawabwezera ndi akazi awo amasiye, ndi kakalata kopepesa.

Anaing'amba ali chiimire pakhonde. Khadi linalimo, pakati pa timakatoni tomwe analitchinjiriza nato. Nambala 9. Virgil Ostrander, woponya mpira. Pansi pa chithunzi pali mbee. Siginecha ayi, kalata ayi, ngakhale mwano ayi.

M'nyumba sanalowenso. Anakwera galimoto.

Makadiwo onse ndi 24. A bekale ya Hutzel anawasindikiza mu 1952, limodzi m'paketi iliyonse ya buledi. Anali a osewera besibo a ku Carver Falls, katimu ka ligi yaing'ono komwe kanatha kalekale, bwalo lake pano ndi poimika magalimoto. Ana ankawapanikiza ku masipoko a njinga kuti izilira ngati yamoto. Amayi awo ankasesa n'kutaya. Opulumuka anatsala ndi madontho a mafuta. Darlene anawasaka zaka khumi ndi zinayi, m'magalaja a anthu osamuka, m'maholo a tchalitchi, m'mabokosi a nsapato. Lililonse akalipeza ankayamba kusaka mwini wake. Osewera 23 anasaina. Asanu ndi awiri mwa iwo anali atatsikira kale kulichete, ndiye kuti panalibenso munthu padziko amene akanayamba ntchitoyi lero n'kuimaliza. Yekhayo anali Darlene. Ndipo panatsala mkulu mmodzi.

Shopu ya makadi ya Lonnie Buczek, mwamuna wa mng'ono wake, ili m'kati mwa Toledo, pakati pa bala ndi malo ochapira zovala. Mumanunkha katoni ndi chingamu chakale. Lonnie anali atawerama pa kauntala, diso lili pa kagalasi kake kokuzira zinthu.

"Kayendedwe kameneko ndakadziwa, alamu," anatero osadzutsa mutu. "Madala aja akubwezeraninso."

"Mawa mutseke shopu."

"Mawa n'Lachitatu."

"Lachitatu mumagulitsa chiyani? Mumangocheza ndi ntchentche."

"Ntchentche zanga n'zokhulupirika. Tikupita kuti?"

"Ku Escanaba."

Lonnie anaika kagalasi pansi. "Maola asanu ndi atatu amenewo. Munthu wakukanani katatu pa positi, mukufuna akakukaneninso pamaso?"

"Akandikane akundiona."

"Ameneyo sasaina, alamu. Zina amasaina, ndinamva. Mipira, zipewa, olo pepala lopukutira kukamwa. Khadi la buledi lokhali ndiye toto. Bambo wina wa ku Dayton anawalembera zaka khumi mpaka anamwalira."

"Anapitako?"

"Ayi."

"Ndiye basi."

Lonnie anamuyang'ana, n'kuyang'ana shopu yake yopanda munthu. "Ndipita nawo. Osati kukakuthandizani. Ndikufuna ndikaone liwiro lanu akakakumasulirani galu."

Ananyamuka dzuwa likungotuluka. Munali mu Ogasiti wa 1991, sukulu zili pa tchuthi, basi ya ana yomwe Darlene ankayendetsa ili phee ku galaja. Alubamu ya makadi aja anaikulunga m'thaulo, kuiika m'bokosi losungira zoziziritsa, bokosilo pampando wakumbuyo, n'kulimanga lamba. Lonnie lamba wake sanamange. Darlene sanamukumbutse.

"Mwatengeranji yonse?" anafunsa Lonnie. "Chinthu chimenechi sichituluka m'nyumba."

"Akaone bowo. Anzawo onse asaina, iwo okha ayi. Manyazi akawagwira."

"Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu alibe manyazi. Ndikuuzani ine, ndatsala pang'ono kufikapo."

Ann Arbor. Flint. Saginaw. Khofi wa m'kapu ya pepala, madonasi ouma. Nyumba zinayamba kuchepa, mitengo kuchuluka. Darlene mitengo saikonda. Mtengo ulibe galaja, ulibe bokosi la nsapato, sugulitsa kalikonse Loweruka m'mawa. Koma tsikuli ngakhale mitengo inkamusekerera. Phazi linkangolemera lokha pa moto. Ankaimba ndi wailesi nyimbo zomwe sankazidziwa. Pa mlatho wautali wa Mackinac, madzi uku ndi uku, Lonnie anatsinzina n'kuyamba kutchula mayina a osewera onse 24 ngati pemphero. Atafika pa nambala 9 anati, "Ndi satana wa ku Escanaba," n'kupitiriza.

Anafika cha m'ma thu koloko. Kanyumba kobiriwira, boti lovundikiridwa paudzu, galu wokalamba amene anangotsegula diso limodzi n'kulitsekanso.

"Galu wanu uja ndi ameneyo," anatero Darlene.

"Akupuma kaye."

Anatsegula chitseko ndi mayi wamfupi wa imvi, m'manja muli ufa. Anati ndi a Opal, akazi awo a Virgil. Anayang'ana bokosi lomwe Darlene analifungatira ngati khanda.

"Nsomba sitigula," anatero.

"Si nsomba, mayi. Ndine Darlene Pacek, ndachokera ku Toledo. Ndine wa..."

"Wa maenvulopu abuluu." Mayiwo anapukuta manja pa epuloni. "Kalanga ine. Lowani, mwayenda. Koma ndikuuziranitu, mwawotcha mafuta pachabe. Bambo, kwabwera alendo a buledi."

A Virgil anatulukira ku khomo lakuseri, sipanala ili m'manja. Chimunthu chachitali, chowerama pang'ono, phewa lina lotsika. Sanapereke moni. Anakhala pa tebulo la kukhitchini, n'kuika sipanala patsogolo pawo ngati foloko.

Darlene anali atakonza zonena kuyambira ku Flint. Zonse zinathawa. Anangotulutsa khadi, kuliika patebulo, n'kuika cholembera pambali pake.

"Bambo Ostrander, ndatsala ndi inu nokha."

"Ndinawerenga makalata anu. Mumalemba bwino."

"Ndiye chavuta n'chiyani?"

"Mwalisunga zaka zingati limeneli?"

"Zisanu ndi zinayi."

"Munaliyang'anapo?"

Lonnie anaseka. "Madala, mayi awa khadi limeneli amalidziwa kuposa ana awo. Makona onse anayi ndi akuthwa. Chithunzi chakhala pakatikati. Kadontho ka mafuta kamodzi kokha, kumbuyo. Labwino chonchi ine sindinalionepo."

"Makona," anatero a Virgil. "Mayi, mwamva? Makona." Anatembenuza khadi ndi chala chimodzi chakuda ndi girisi. Lonnie anabuula. "Werengani apa, mayi a ku Toledo."

Darlene anawerenga. Mawuwo ankawadziwa pamtima. "Virgil Ostrander. Wobadwira ku Michigan. Amaponya ndi dzanja lamanzere."

"Tembenuzani."

Anatembenuza. Mnyamata wa pachithunzi anali atakweza mwendo, akumwetulira, mpira uli m'mwamba. M'dzanja lamanja.

Zaka zisanu ndi zinayi. Darlene analiyang'ana pa kagalasi, pa nyali, pa dzuwa. Analiyeza ndi rula.

"Tsopano makutu," anatero a Virgil.

Makutu a mnyamatayo anali ang'onoang'ono, omatirira kumutu. A Virgil anavula kapusi. Awo anali ngati zitseko za galimoto zomwe wina waiwala kutseka.

"Makutu amakula munthu akamakalamba," anayesa Lonnie.

"Awa ndinabadwa nawo, achimwene. Azamba anachita kukokera pomwepa." Anagogoda khadi. "Uyu ndi Augie Ferraro. Tinkagona chipinda chimodzi. Ankaliza mkonono ngati thirakitala. Dzina ndi langa, nkhope ndi yake. Inu nonse mumanditumizira nkhope ya Augie kuti ndilembepo kuti ndine. Sindine."

"Bwanji simunalembe kalata yonena zimenezi?" anafunsa Darlene.

"Ndinkadikira ndione ngati alipo mmodzi wa maso."

A Opal anaika makapu patebulo n'kuthira khofi. Kenaka anakokera alubamu kwa iwo, kusamba m'manja kawiri ataona nkhope ya Lonnie, n'kuyamba kuvundukula masamba pang'onopang'ono. Amuna awo ankalankhula akuyang'ana pawindo.

"Mayi anga anagula buledi 31 mwezi umene makadi anatuluka. Ankachita kutumiza msuweni wanga wa ku Carver Falls kuti aziwatumizira makadi, buledi azigawira anthu. Msewu wonse unanenepa. Litafika la nambala 9 anaitana azimayi a kutchalitchi asanatsegule n'komwe kalata. Anatsegula pamaso pawo. Analiyang'ana. Anati, 'Uyu si mwana wanga.' Mayi wina anati mwina mnyamatayu amanama, ali ku fakitale." Anasisita phewa lotsika lija. "Mu Julaye ili linaduka. Ndinakwera basi kubwerera kuno. Besibo ndinasewera miyezi itatu, ndi yomweyo. Wojambula anandijambula ndithu, ndikukumbuka, anandiuza kuti ndibise makutu m'kapusi. Chithunzicho anachitaya. Ndilibe ngakhale chimodzi nditavala yunifomu. Adzukulu anga amayesa ndi nthano."

Darlene anatenga cholembera chija n'kuchibweza m'chikwama. Maola asanu ndi atatu a mitengo ankamudikira.

"Bambo," anatero a Opal. Mawu anali otsika. "Tabwerani."

"Ndawaona kale amenewo, mayi."

"Awa a kumapetowa simunawaone. Tabwerani."

A Virgil anazungulira tebulo mokakamizika. Chala cha a Opal chinali pa tsamba lomaliza, mzere wapansi. Nambala 23. Augie Ferraro. Mnyamata woonda, wosamwetulira, kapusi itakokedwa mpaka m'maso. Makutu atatuluka ndithu. Mpira m'dzanja lamanzere.

"Ameneyu ndi amene anandiperekeza ku dansi," anatero a Opal. "Anandiponda kanayi."

Mkuluyo anafufuza mpando ndi dzanja osayang'ana, n'kukhala.

Amene anayamba kuyenda ndi Lonnie. Anadzuka, kupita kusinki, kubwerera, kupitanso. "Anasinthanitsa," anatero. "Sanataye, anasinthanitsa. Alamu, mukumva? Zimenezi mulibe m'buku lililonse. Mabuku onse ndili nawo. Palibe anazionapo. Zaka makumi anayi, anthu tonse, ndi timagalasi tathu." Anagwira mutu. "Ndilembera a magazini. Ayi, mulembe ndinu. Ayi, tilembe tonse, dzina langa liyambe, B wa Buczek amayamba."

"Bwanji sindinalionepo?" anafunsa a Virgil, maso ali pakhadi.

"Anayi omalizawa anatuluka mu Seputembala," anatero Darlene. Izi ankazidziwa. "Ligi inali itatha, ana atabwerera kusukulu. A bekale anasindikiza ochepa, ambiri anawotcha. La nambala 23 tikudziwapo anayi okha. Losainidwa ndi ili lokha."

"Walemba chiyani apa? Magalasi anga ali kugalaja."

Inki yabuluu inadutsa pachifuwa cha mnyamatayo, malembo akuluakulu opendekera. Darlene anawerenga mokweza. "Augie Ferraro. Koma mnyamata wokongola uyu."

Anali ataliwerenga kambirimbiri. Ankangoti mkuluyo anali wodzikonda.

A Virgil anayamba ndi kutsokomola. Kenaka phewa linagwedezeka. Kenaka chiseko chinaphulika, chachikulu, cha m'mimba, mpaka galu panja anadzuka kudzasuzumira. Anamenya tebulo, makapu n'kudumpha, Lonnie n'kudumphira alubamu.

"Galu ameneyu," anatero akupukuta misozi. "Ankadziwa. Anaona makutu anga n'kusainapo. Ali kuti pano? Ndimuimbire ndimutukwane."

"Anamwalira, bambo. Zaka zinayi zapitazo, ku Duluth."

Chiseko chinatha pang'onopang'ono, ngati injini yothera mafuta. Kenaka anapukuta chala chakuda chija pa malaya, kawiri, n'kuchiika m'mphepete mwa pulasitiki, osakhudza nkhope.

"Mayi a ku Toledo," anatero. "Iye analemba pachifuwa panga. Ine ndingathe kulemba pachipumi pake. Tikhala tafanana."

Darlene anapisa m'chikwama mwachangu mpaka makiyi anagwa pansi.

"Koma ili la nambala 23 mundisiyire."

Dzanja linaima m'chikwama momwemo.

"Ayi, ayi, madala," anatero Lonnie. "Limenelo ndiye ayi. Tikujambulitsirani. Ku Toledo kuli munthu amakuza zithunzi, likhala lalikulu ngati chitseko. Makutu mita imodzi."

"Chithunzi cha chithunzi ndichitenji? Mayi anga ankafuna khadi la m'buledi." Sanakweze mawu. "Sindikukakamizani. Ndi lanu, munalivutikira. Mukafuna nyamulani onse, khofi mwamwa, tisiyane bwino."

Darlene anapempha kuti atuluke kaye. Anayenda mpaka paboti, kubwerera, kupitanso. Udzudzu unamupeza. Lonnie anamutsatira akudzimenya m'khosi.

"Alamu, tamverani. Mukapereka, mutsala ndi 23. Mukakana, muli ndi 23. Kusiyana kwake n'kwakuti lomwe muli naloli ndi losowa kuposa onse, ndipo wosainayo ali m'manda. Awa ali moyo. Mawa akhoza kufewa."

"Zaka makumi anayi sanafewe."

"Ndiye muwasiye. Bowo la pa 9 aliyense amalimvetsa. Tsopano lili ndi nkhani yake. Koma kutaya 23? Anthu adzakusekani kuyambira ku Toledo mpaka ku Cleveland. Ine ndidzayambitsa."

Zinali zoona. Darlene anakumbukira mmene analipezera: m'nyumba ya womwalira ku Lima, pansi pa mulu wa mabuku a nyimbo, atagwada maola atatu. Anakumbukira miyezi isanu ndi iwiri yodikira envulopu ya ku Duluth, osagona bwino, akudzitukwana kuti waika chinthu chotere pa positi. Anasuzumira pawindo la khitchini. Mkulu uja anali atavala magalasi a akazi awo, a maluwa m'mbali, mphuno itatsala pang'ono kugunda pulasitiki. A Opal ataima kumbuyo, dzanja lili pa phewa lodukalo.

"Amene angasaine 9 ndi munthu mmodzi padziko lonse," anatero Darlene pang'onopang'ono. "Ndipo wavomera lero. Augie ankasaina chilichonse. Munanena nokha kuti anasainapo pa thewera la mwana."

"Thewera si nambala 23."

"Anayi ndi omwe tikuwadziwa ife. Ife amene sitinaone makutu."



Darlene analowa. Sanakhale pansi.

"Bambo Ostrander, ndavomera. Koma muyambe ndinu. Musaine, ndiliike m'malo mwake, onse 24 akhale pamodzi patebulo pano. Ndiwaone ndi maso angawa. Kenaka mutenge lanu."

"Muwaone nthawi yaitali bwanji?"

Darlene anayang'ana uku ndi uku. "Mpaka nditamaliza khofi uyu."

"Wazizira."

"Ndimakonda wozizira."

A Virgil anakasamba m'manja ndi sopo, osauzidwa. Anayesa cholembera pa nyuzipepala. Anagwira khadi ndi dzanja lamanja, cholembera kumanzere, mkono utapindika ngati ndowe. Analemba mosathamanga, pachipumi penipeni pa Augie, lilime lili pakona ya mlomo. Anauzira inki. Anakankhira khadi kwa Darlene.

Virgil Ostrander. Mkonono ngati thirakitala.

Kathumba ka pulasitiki Darlene anakaphonya kawiri. Kachitatu khadi linalowa, see, mpaka pansi. Anatulutsa masamba onse atatu mu alubamu n'kuwayala mondondozana pakati pa shuga ndi sipanala.

Onse. Kuyambira 1 mpaka 24, popanda bowo. Inki yabuluu, yakuda, ina yobiriwira ya mkulu wina wa ku Texas. Malembo onjenjemera a odwala, malembo onyada a omwe anadzakhala ogulitsa inshuwalansi. Timu yonse ya Carver Falls, amoyo ndi akufa, itakumananso pa tebulo la kukhitchini. Darlene anafuna kukuwa. Anafuna kuthamanga kuzungulira nyumba, kudzutsa galu, kuimbira mng'ono wake, kuimitsa magalimoto pamsewu. Anangogwira kapu ndi manja awiri n'kupsontha pang'ono.

Lonnie anathamangira kugalimoto kukatenga kamera yake yotulutsa chithunzi pompopompo. Anakwera pampando. Anajambula kasanu. Pa chachisanu ndi chimodzi anati onse aimirire kumbuyo kwa tebulo, a Virgil avule kapusi kuti umboni uoneke.

"Uyu ankaba masokosi," anatero a Virgil akuloza nambala 4. "Uyu ankapemphera asanamenye mpira, n'kutukwana akauphonya. Uyu anakwatira mwana wa mwini bekale. Mwina ndiye anasokoneza zithunzi, mutu unali kwina."

Darlene ankapsontha. Khofi anafika theka. Anafika pansi. Anapendeketsa kapu, kuyang'anamo, kupsonthanso mpweya.

A Opal anabwera ndi ketulo n'kudzazanso kapuyo mpaka m'milomo.

"Mayi, mukutani?" anafunsa amuna awo.

"Ndikuthirira mlendo. Mwadikira zaka makumi anayi, kapu imodzi sikuphani."

Yachiwiriyo Darlene sanaichedwetse. Anaimwa ikuotcha, maso akuyenda mzere ndi mzere, ngati munthu woloweza njira. Anaika kapu pansi. Anatsegula kathumba ka nambala 23 n'kulitulutsa ndi nsonga za zala. Lonnie anatembenukira kukhoma.

"Musaliike padzuwa," anatero Darlene. "Musalimate ndi tepi. Musaliike pa firiji ndi maginito. Adzukulu aziliona manja ali kumbuyo."

"Ndi makona," anatero a Virgil.

"Makamaka makona."

Analilandira pa chikhatho chotambasula, ngati kamwana ka mbalame. Sanathokoze. Anapita nalo kuchipinda chochezera, ndipo patapita kanthawi anamveka akuzungulitsa nambala pa telefoni. "Ndipatse ana," ankatero. "Onse. Ayi, palibe wamwalira."

A Opal anawakulungira zitumbuwa ziwiri za nyama ndi mbatata zoti akadye panjira. Pakhomo anamugwira Darlene dzanja nthawi yaitali, ufa n'kutsalira pa mkono.

M'galimoto Lonnie anamanga lamba yekha. Anayang'ana zithunzi zija chimodzichimodzi, n'kupukusa mutu.

"Mphindi makumi awiri ndi ziwiri," anatero. "Ndinayang'ana wotchi. Zaka khumi ndi zinayi, kuti mukhale nawo onse osainidwa mphindi makumi awiri ndi ziwiri."

"Inu munakhalapo nawo mphindi zingati?"

"Musandiyankhe mwano, ndili pa maliro."

Darlene analiza galimoto. Mutu unali utayamba kale kuthamanga. Augie, munthu amene anaona nkhope ya mnzake pa dzina lake n'kuseka, sangakhale kuti analibe khadi lakelake la nambala 23. Anthu otere amasunga. M'kabati, m'chikwama, m'Baibulo. Amaonetsa alendo. Ndipo munthu wosaina matewera sangasiye khadi lake lopanda inki. Akazi ake angakhale alipo. Ngati kulibe, kuli ana. Ngati kulibe ana, kuli galaja.

Pa mphambano ya msewu waukulu anaima. Chikwangwani chinaloza kumanja: mlatho, Saginaw, kwawo. Darlene anayatsa indiketa ya kumanzere.

"Alamu," anatero Lonnie. "Toledo ali uku."

"Duluth ndi maola asanu okha."

"Shopu yanga."

"Mawa n'Lachinayi. Ntchentche zidikira."

"Mulibe ngakhale adiresi."

"Ili pa envulopu, m'thumba la kumbuyo kwa alubamu. Tatembenukani muitenge. Musambe m'manja kaye, mwagwira chitumbuwa."

"Ndisambe ndi chiyani, m'galimoto muno?"

Lole yonyamula mitengo inadutsa, msewu n'kutseguka. Darlene anaponda moto.